Nyenyezi 4 mwa 5: Waiting for Godot, buku logwiritsidwa kale ntchito

Ndinaitanitsa bukuli kwa bambo wina wogulitsa mabuku akale pa WhatsApp. Anati lifika Lachisanu. Linafika patatha masabata atatu, ndipo ndikafunsa yankho linali limodzimodzi: "mawa, bwana". Nditayamba kuwerenga ndinaseka ndekha, chifukwa mnyamata wa m'seweroli naye amabwera madzulo kudzanena kuti Godot safika lero, afika mawa.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha kuchedwako, komanso mwini wake woyamba analembalemba ndi bolopeni pamwamba pa mawu a Lucky, kapolo wa m'seweroli, moti pena ndimachita kutsinzinira diso limodzi. Masamba alipo onse, zilembo zikuwerengeka.

Samuel Beckett anali wa ku Ireland koma seweroli analemba m'Chifalansa. Linaonetsedwa koyamba ku Paris mu Januwale 1953 pa Théâtre de Babylone, kenako analimasulira yekha m'Chingerezi. Muli anthu asanu okha, msewu ndi mtengo umodzi. Vladimir ndi Estragon akudikira Godot, munthu amene ngakhale nkhope yake sakuidziwa bwino. Estragon akulimbana ndi nsapato yomuthina, Vladimir amangovula chipewa n'kusuzumiramo, amadya karoti, amakangana, amaganiza zodzimangirira koma alibe chingwe cholimba.

Ndikuuzeni zoona, poliwerenga chamumtima tulo tinandipeza kawiri. Tsiku lina magetsi atazima ndinakakamiza mlamu wanga kuti akhale Estragon, ine Vladimir, tikuwerenga mokweza pa tochi ya foni. Apo mpamene linadzuka. Kunyong'onyeka kuja kunasanduka nthabwala za anthu awiri otopetsana koma osatha kusiyana.

Chimene chinandikhudza kwambiri si kudikirako. Mu gawo lachiwiri mtengo waphuka masamba ochepa, Pozzo, mbuye wa Lucky, wachita khungu, Lucky sakulankhulanso, ndipo Estragon waiwala pafupifupi zonse za dzulo. Mnyamata uja akabweranso amakana kuti anamuonapo Vladimir. Vladimir amachita kumuchonderera kuti akanene kwa Godot kuti wamuona. Mlamu atawerenga mbali ya mnyamatayo, ndinayamba kudzifunsa kuti ngati aliyense akukana kuti anakuona dzulo, umboni woti unalipo uutenga kuti.

Ngati mukufuna nkhani yothera paukwati kapena kukhoti, ndalama yanu musunge. Ena nonsenu gulani, koma pezani mnzanu wowerenga naye, ndipo wogulitsayo musamulipiriretu zonse.