Cage, galasi la nkhope yonse kapena visor: tivale chiyani pa hockey ya pa ayezi ya akuluakulu?

Ambiri a ife amene tinayamba hockey ya pa ayezi titakula kale, kaya kuno ku Canada kaya anzathu a ku Britain, ndalama zoyamba zimathera pa nsapato zoterereka nazo pa ayezi ndi ndodo. Za kumaso timazikumbukira tili kale pa kauntala, wogulitsa akafunsa ngati chisoti titenge chokhachokha kapena tiwonjezerepo cage, mawaya otchinga nkhope. Maligi a akuluakulu ongosewera kuti asangalale, amene kuno amati beer league, amakakamiza chisoti, koma nkhope nthawi zambiri amamusiyira mwini wake. Alipo ena amene amalamula visor (kagalasi kotchinga maso) kapena cage, choncho funsani kaye oyendetsa ligi yanu musanagule kanthu.

Tiyambe ndi chimene chimamenya nkhopeyo. Puck, chimene timamenya ndi ndodo m'malo mwa mpira, ndi mphira wouma gwa, wolemera pafupifupi magalamu 170, ndipo aliyense amaiopa. Koma m'maligi athuwa, chimene ndimaona chikuvulaza anthu kawirikawiri ndi ndodo ya munthu amene miyendo yake sinakhazikike pa ayezi. Akaterereka manja amathamangira m'mwamba, ndodo n'kutsata. Wina amafuna kutukula ndodo yako ali kumbuyo, n'kuiphonya, yake n'kukwera mpaka pachibwano pako. Nayo puck ikagunda ndodo imene waitambasula kuti utchinge, imanjanja kuchokera pansi kulunjika pakamwa. Palibe amachita dala, ndipo pafupifupi zonsezi zimachokera m'munsi. Apa ndi pamene zovala zakumasozi zimasiyanirana.

Visor ndi kagalasi ka pulasitiki yolimba ya polycarbonate kophimba maso mpaka cha pamphuno. Ubwino wake sindingaukane. N'kopepuka, mpweya umayenda, umaona bwalo lonse popanda chokutchinga, madzi umamwa mosavuta, ndipo ukaitana mnzako amamva. Ndi kamene timakaona pa TV, chifukwa kuyambira nyengo ya 2013-14 NHL, ligi yaikulu ya akatswiri ya ku Canada ndi America, inalamula kuti osewera atsopano onse azivala visor. Lamulolo linabwera anthu atavulala koopsa. Bryan Berard wa timu ya Toronto Maple Leafs anamenyedwa m'diso ndi ndodo mu Malichi 2000, diso lake silinabwererenso mwakale. Marc Staal wa New York Rangers anamenyedwa ndi puck yonjanja mu Malichi 2013. Onse awiri analibe visor.

Ndiye visor imaposa kusavala kanthu, ndipo imaposa kutali. Vuto lake ndi lakuti imateteza kumtunda pamene tsoka likuchokera kumunsi. Pakamwa, chibwano, nsagwada ndi masaya zili pambalambanda, komanso nsonga ya ndodo imatha kulowa pansi pa galasilo n'kufika m'diso, makamaka ngati wovalayo wakankhira chisoti kunkhongo monga ambiri amachitira. Kafukufuku amene Brian Benson ndi anzake a ku Calgary anatulutsa mu magazini ya zachipatala ya JAMA mu 1999, wa osewera a m'mayunivesite a ku Canada, anapeza kuti ovala visor ankavulala mano pafupifupi kakhumi kuposa ophimba nkhope yonse, ndipo ankachekeka kumaso kuposa kawiri. Sanapeze kuti kuphimba nkhope yonse kumachulukitsa kuvulala kwa khosi, mantha amene ena ankafalitsa nthawi imeneyo. Wosewera wa NHL akathyoka dzino, dokotala wa timu ali m'bwalo momwemo ndipo bilu si yake. Inu ndi ine m'mawa mwake tili kuntchito, ndipo dzino loikirira kuno limadya madola masauzande, amene inshulansi ya boma kawirikawiri salipira kwa munthu wamkulu.

Cage ndi mawaya achitsulo, kapena a titanium ngati thumba likulola, ophimba kuyambira pamphumi mpaka pansi pa chibwano. Mwa zonse zophimba nkhope yonse, ya chitsulo wamba ndiyo yotsika mtengo, ndipo ndiyo yosafuna chisamaliro chambiri. Sichita nthunzi. Sikalika. Umaiponya m'chikwama, ukafika kunyumba n'kuiumitsa kuti isachite dzimbiri, basi. Mpweya wozizira wa m'bwalo umakufika kumaso bwinobwino, chinthu chimene munthu wa zaka 40 wotuluka mu ayezi akupuma wefuwefu amachiyamikira kwambiri.

Dandaulo lake ndi limodzi lodziwika: mawaya ali patsogolo pa maso. Masiku oyamba amakusowetsa mtendere ndithu, koma maso amazolowera kuyang'ana kupyola mawayawo mpaka umaiwala kuti alipo. Chimene sichitheratu ndi kuona pansi. Puck ikakhala pakati pa mapazi ako, kansalu kapachibwano ndi mawaya akumunsi amaibisa pang'ono, umayenera kuweramitsa mutu. Ma cage odulirapo a makampani a Bauer, CCM ndi Warrior amakhala ndi mawaya aphwathalala kapena opyapyala kuti asatchinge kwambiri. Za mtundu anthu amakangana osagwirizana: ena amati wakuda umasokonezana ndi puck, ena amati woyera umasungunukira mu ayezi, ena amakonda wasiliva wosanyezimira. Iyeseni m'sitolo, muyang'ane pansi ndi m'mbali, musankhe umene maso anu aulola. Titanium imapepuka, khosi silitopa msanga, koma sikuti imateteza kuposa chitsulo chovomerezeka. Botolo la madzi gulani lakamlomo kakatali kolowa pakati pa mawaya. Ndipo chonde, musadule waya ngakhale mmodzi kuti muzionera bwino. Mipata ija anaiyeza kuti nsonga ya ndodo ndi puck zisalowe. Cage ikapindika chifukwa chomenyedwa mwamphamvu, ntchito yake yatha, gulani ina.

Pali chinthu china chimene sichilembedwa pa bokosi. M'zipinda zina zosinthira zovala, wovala cage amamuseka kuti ndi wamantha kapena ngati mwana wa sukulu, ndipo munthu amene wangoyamba kumene, amene ali kale mlendo pamasewerawa, safuna kuonekera. Ndikumvetsa. Koma mbewa yamanyazi inafera kuuna. Amayi onse osewera pa mipikisano ya dziko lonse lapansi amaphimba nkhope yonse, chimodzimodzinso anyamata a m'makoleji a NCAA ku America, ndipo anthu amenewa amathamanga ndi kumenya puck mwa mtundu umene ife sitidzafikako. Amene akukusekaniyo sadzakulipirirani kwa dokotala wa mano.

Galasi la nkhope yonse, limene kuno amati bubble kapena fishbowl, monga Bauer Concept 3 kapena CCM FV1, limateteza mofanana ndi cage koma limakupatsa kuona koyera ngati kwa visor. Likakhala latsopano ndiponso louma, palibe chikuliposa pakuona. Mavuto amayamba ukakhala pa benchi. Uli pa ayezi mphepo imalowa m'timabowo takumunsi, galasi n'kukhala mbee. Ukangokhala pansi thupi lili moto, mpweya wako wotentha umakumana ndi pulasitiki yozizira, nthunzi n'kuyamba m'mphepete kumabwera pakati. Thukuta nalo limadontha m'kati, ndipo kuti upukute umayenera kumasula malamba, kutukula galasi, kupukuta, kumanganso, nthawi yako yolowa itakwana kale. M'mabwalo achinyezi, makamaka m'chilimwe, zimanyanya. Mankhwala opopera oletsa nthunzi amathandiza. Ena amapaka kadontho ka shampu ya ana m'kati n'kupukuta ndi kansalu kofewa. Osagwiritsa ntchito mankhwala otsukira mawindo a m'nyumba kapena pepala lopukutira, chifukwa zimawononga utoto woteteza umene anapakapo. Lisungeni m'kathumba kakekake, apo ayi nsapato zilikala m'chikwama. Ngakhale mutalisamala bwanji, ndodo ndi puck zidzalisiyira mizere, ndipo lidzafunika kusinthidwa cage ya mnzanu idakali yabwinobwino. Ovala magalasi a maso aganize kawiri: magalasi awiri ochita nthunzi nthawi imodzi ndi chintchito, cage imawayanja bwino.

Chilipo chapakati, galasi kumtunda mawaya kumunsi, chimene amati hybrid kapena combo. Mpweya wapakamwa umatulukira m'mawaya, choncho nthunzi imachepako, koma sitheratu, ndipo pamene galasi lakumana ndi mawaya pamakhala mzere umene ena umawavuta poyang'ana pansi. Ndi chodula kuposa cage wamba. Chimayenera munthu amene wayesa cage mokwanira koma maso akukanabe.

Tsopano m'kamwa. Funso limene ambiri amafunsa ndi lakuti, ngati ndavala cage, mouthguard, kapulasitiki kovala m'kamwa koteteza mano, ndi yachiyaninso? Cage imaletsa chochokera kunja, koma siletsa mano ako kumenyana okhaokha. Ukagwa n'kugunditsa chibwano pa ayezi, kapena ukawombana ndi phewa la munthu amene walephera kuima, nsagwada yakumunsi imatseka mwamphamvu. Dzino limabenthuka, lilime limalumika. Mouthguard ndiyo imakhala pakati pamenepo. Kwa wovala visor ndiye siyokambirana n'komwe, komabe adziwe kuti imaphimba mano akumtunda okha. Mlomo ung'ambika ndithu, ndipo mano akumunsi ndi nsagwada zili panja.

Mitundu yake ndi itatu. Yongogula n'kuvala osaiumba ndi yotchipa, koma imafuna uziiluma nthawi zonse kuti isagwe, ndiye kupuma ndi kuyankhula kumavuta. Mapeto ake anthu amaitafunira pambali ikulendewera, osateteza kanthu. Isiyeni.

Yachiwiri ndi yoviika m'madzi otentha, monga za Shock Doctor kapena Opro. Umaiviika kwa masekondi amene alembedwa pa paketi, n'kuiika ku mano akumtunda ukudziyang'ana pa kalilole, kuikanikiza ndi zala kunja kwa milomo, lilime likukankha m'kati, kwinaku ukuyamwa mpweya ndi madzi kuti igwire mano, kenaka n'kuiponya m'madzi ozizira. Osailuma mpaka kuiboola. Muyeso wake ndi wosavuta: tsegulani pakamwa, gwedezani mutu. Ikagwa, sinaumbike, bwerezani. M'gulu lomweli muli zopyapyala kwambiri monga SISU Aero, ya mamilimita 1.6, imene umatha kuyankhula ndi kumwa madzi uli chivalire. Pansi pa cage, yopyapyala yotereyi imakwanira bwino, ndipo chifukwa sivutitsa, imakhaladi m'kamwa masewera onse.

Yachitatu ndi youmbidwa ndi dokotala wa mano atayeza mano anu. Imagwira bwino kuposa zonse, ndiyonso yodula kuposa zonse. Amene ali ndi mawaya owongolera mano, mano oikirira kapena ntchito ina yodula m'kamwa, komanso amene watsimikiza mtima kusewera ndi visor, apite kumeneko. Koma kaya ndi iti, musaigule poganiza kuti ikutetezani ku concussion, kugwedezeka kwa ubongo kuja. Ntchito yake yodalirika ndi mano, milomo ndi lilime, ndipo palibe chisoti kapena mouthguard imene ingakulonjezeni kuti ubongo sugwedezeka. Itsukeni mukamaliza, iume, musaisiye m'gulovu yonyowa.

Chosankha chabwino chimawonongeka ngati chamangidwa molakwika. Saizi ya cage imatsata kutalika kwa nkhope yanu, ndiye si nthawi zonse imafanana ndi saizi ya chisoti. Chibwano chikhale m'kansalu kake mokhazikika pakamwa patatsekedwa. Timangowe tiwiri ta m'mbali mwa chisoti, timene amati J-clips, ndi timene timagwira cage kuti isakankhikire kunsagwada ikamenyedwa, ndiye musatichotse. Si cage iliyonse imagwirizana ndi chisoti chilichonse, choncho pitani nacho chisoticho kusitolo. Yang'anani chizindikiro chosonyeza kuti chovalacho n'chovomerezeka, cha CSA ku Canada, HECC ku America kapena CE ku Ulaya. Cha HECC chimakhala ndi tsiku lothera, chinthu chofunika kuchiona pogula zakaunjika. Timasikuluwu timamasuka tokha ndi kugwedezeka, kotero ka screwdriver kazikhala m'chikwama.

Ndiwonjezere za khosi ngakhale si nkhope. Adam Johnson wa timu ya ku England ya Nottingham Panthers anamwalira mu Okutobala 2023 ku Sheffield atachekedwa pakhosi ndi chitsulo cha nsapato. Kuchokera pamenepo bungwe loyendetsa hockey ku England ndi la dziko lonse lapansi la IIHF analamula choteteza khosi. Kumene timasewera ife anthu amagwa pafupipafupi miyendo ili m'mwamba, ndipo chovalachi mtengo wake sufika ngakhale pa ndodo imodzi yabwino.

Ine ndimavala cage ndi mouthguard yopyapyala, ndipo ndi zimene ndimauza aliyense woyamba kumene. Amene mawaya amukanika atenge hybrid kapena galasi lonse, avomere ntchito yopukuta. Visor yokha sindingamulangize munthu wa ligi yathu, ngakhale amene wasewera kuyambira ali mwana, chifukwa luso lake silingawongole ndodo ya mnzake.

Pa benchi iliyonse pamakhala wina wa visor kapena wopanda kanthu, ndiye dziwani chochita dzino likazuka lonse. Litoleni pogwira kumutu kwake, osati kumuzu. Ngati lada, litsukuluzeni pang'ono, osalikwecha. Mwini wake akatha kulibwezera m'malo mwake, alibwezere n'kuluma kansalu koyera kuti likhazikike. Zikakanika, liikeni mu mkaka, osati m'madzi kapena m'pepala, ndipo afike kwa dokotala wa mano ola lisanathe. Masewera athu ambiri amakhala usiku kwambiri, choncho nambala ya dokotala wa mano wothandiza usiku m'tauni yanu ikhale kale mu foni ya kaputeni.