Khola langa la zotolatola patatha miyezi 14: waya ndi umene wandiliza

Alamu anga a ku Machinjiri anandiimbira sabata yatha kufunsa ngati nawonso amange khola la nkhuku longa langa, la zipangizo zakale. Pa foni ndinangoti tidzakambirana, chifukwa mtima unali usanatsike. Lero ndati ndifotokoze bwinobwino.

Kholali tinamanga mu Seputembala chaka chatha kuseri kwa nyumba kuno ku Chilomoni, mmunsi mwa phiri la Michiru. Malata ndi akale, matabwa tinaphwasula mapaleti, chitseko ndi cha bafa la eninyumba lomwe linagwa, ndipo pansi tinayala zidutswa za njerwa. Malata, mapaleti ndi waya ndinagula kwa bambo wina wogulitsa zitsulo zakale mu msika wa Ndirande.

Malata sanadonthe dzinja lonse, mabowo a misomali yakale tinamata phula. Matabwa tinawapaka oyilo wakuda wa galimoto ndipo chiswe sichinayerekeze. Kabawi amazungulira mmwamba n'kubwerera chimanjamanja poti pamwamba ponse mpotseka. Agalu a mmudzi muno anayesapo kukumba usiku wina, anakumana ndi njerwa.

Nkhani ili pa waya. Unali uja wopyapyala wa mabowo ngati zisa za njuchi, wogwiritsidwapo kale ntchito. Ndinaona timadontho ta dzimbiri n'kufunsa, bambowo anati, "Mayi, uwu ndi waya wakale weniweni, osati wa masiku ano. Muufuna wina patatha zaka zisanu." Mtengo unali theka la watsopano, ndinatenga. Mmisiri anaukwirira pansi ngati masentimita 30 kuti chilombo chisakumbe, ndipo ine ndinkagona tulo tabwino.

Chimene sindinaganizire n'chakuti pamene waya wakhudzana ndi dothi mpamene pamakhala chinyontho nthawi zonse. Mvula inagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, chiperoni n'kudzawonjezera mu Juni ndi Julayi, komanso zitosi za nkhuku pazokha zimadya chitsulo. Kumwamba waya umaoneka wabwinobwino, kunsi utafumbwa.

Mwezi watha, Lachiwiri masana dzuwa lili pamutu, ndikuchapa, ndinamva thadzi likulira modabwitsa. Pothamangira ndinangoona mchira wautali wakuda kunsonga ukuzimirira mu mpanda wa udzu. Nyenga. Anthu ambiri timatseka khola usiku poopa vumbwe ndi agalu, koma nyenga imasaka masana. Anapiye a Mikolongwe analipo 11, a masabata atatu, ndipo ndinali nditangowadonthezera katemera wa chitopa mmaso. Ndinapeza 6 ali gone, olumidwa pakhosi, mmodzi inapita naye. Bowo lake linali pakona, losakwana ndi chibakera changa chomwe. Nditagwira waya pamenepo unangothetheka mmanja ngati tsamba louma. Mwana wanga wamng'ono, yemwe ankawapatsa madeya mmawa uliwonse asanapite kusukulu, sanadye nsima tsiku limenelo.

Ndinadula chidutswa n'kukwera minibasi kupita nacho ku Ndirande. Bambowo anandikumbukira, sanakane kuti waya ndi wawo, koma anati katundu wakale sabwezedwa, ndipo olakwa ndi mmisiri amene anaukwirira osaupaka kanthu. Zinandiwawa, chifukwa tsiku logula ndinawauza kuti ukupita pansi. Tinakangana mpaka anzawo oyandikana nawo analowererapo. Pamapeto pake anandipatsa malata awiri odukaduka ulere, ati ndikatchinge mmunsi. Ndalama ayi.

Malatawo athandiza ndithu, ndisaname. Tawaimika mozungulira kufika mmaondo, mbali ina yalowa pansi. Pamwamba pake ndaika waya watsopano wowotcherera, wa mabowo a theka la inchi, woti ngakhale khoswe sangadutse. Umenewu ndagula mu shopu ku Limbe, ndipo mtengo wake wandimalizira ndalama ya mazira ya miyezi itatu. Chigwereni kwacha mu Novembala 2023 chilichonse chachitsulo sichigwirika. Ndikaphatikiza waya woyamba uja, anapiye 7 ndi kulipira mmisiri kachiwiri, ndaononga kuposa mmene ndikanaonongera nditagula wabwino poyamba pomwe.

Masiku ena ndikatola mazira mmawa ndimaliyang'ana kholali n'kukondwa nalo, poti zambiri zake anthu anali atazitaya ndipo zikugwirabe ntchito. Ndikakumbukira mawu aja a zaka zisanu mtima umawiranso. Alamu ndawauza kuti malata ndi mapaleti akagule zakale, ngakhale kwa bambo omwewo, koma waya asunge ndalama agule watsopano. Loweruka abwera kudzayeza langali, ndipo chidutswa chadzimbiri chija ndawasungira pawindo.