Makamera opanda dzina pa rekoda yatsopano, patatha miyezi 9

Makamera anayi achitetezo amene ali panyumba pathu ku Area 49 anabwera ndi alamu anga kuchokera ku Johannesburg zaka zingapo zapitazo, m'bokosi limodzi ndi karekoda kake. Pabokosi panalibe dzina la kampani, pamakamera palibenso, kupatula kapepala kolembedwa 1080P ndi 12V. Karekodako kanapsa chaka chatha. Kugula zonse zatsopano sindikanakwanitsa, paja chigwereni Kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 katundu wakunja sagwirika. Ndiye mu Ogasiti ndinagula rekoda yokha, ya mtundu wa NVR (yojambula makamera kudzera pa netiweki), yolandira makamera 8, n'kuikamo hard disk ya 2TB. Makamera akale aja anatsala pomwe anali: pageti, pakhonde, poimika galimoto, ndi kuseri kumene kuli khola la nkhuku.

Kulumikiza kunanditengera Loweruka limodzi. Nditalowetsa mawaya kumbuyo kwa rekoda, sikirini inangokhala bii. Mabowo akumbuyowo amapereka magetsi kudzera mu waya wa netiweki womwewo, zimene amati PoE, pomwe makamera angawa amadya 12V kuchokera ku adaputala yawoyawo. Komanso kumbuyoko rekoda ili ndi netiweki yakeyake ya maadiresi oyamba ndi 192.168.254, pomwe makamera anali pa 192.168.1. Ndinawachotsa, n'kuwalumikiza onse ku switch (kabokosi kolumikizira mawaya ambiri a netiweki), switch ku rauta, rekoda nayo ku rauta. Palaputopu ndinaika pulogalamu yaulere ya ONVIF Device Manager ndipo makamera atatu anaonekera. ONVIF ndi mgwirizano umene makampani a Axis, Bosch ndi Sony anayambitsa mu 2008 kuti zipangizo za makampani osiyana zizimvana. Atatuwo ankayankhira pa port (nambala ya khomo lolumikizirana pa netiweki) 8899, osati 80 imene rekoda imayamba kuyesa, ndipo nditangosintha nambalayo zithunzi zinatuluka. Yachinayi, ya poimika galimoto, inakaniratu. Ndinaizembera njira ina: ndinapeza link yake ya RTSP (njira yotumizira vidiyo pa netiweki) pa port 554, ndinaiyesa mu pulogalamu yoonera mavidiyo ya VLC, itaonetsa ndinailemba mu rekoda pamanja.

Madzulo amenewo ndinaitana aliyense kuti adzaone zithunzi zinayi pa TV, ine ndili nyang'wa. Ndinkaganiza kuti ntchito yatha.

Mu Novembala nkhuku zitatu zinasowa m'khola usiku umodzi. M'mawa ndinakhala pa rekoda mtima uli m'malo, kuti lero wakuba aonekera poyera. Kamera yakuseri inalibe kanthu. Osati usiku umenewo wokha, koma masiku 11 athunthu. Chinachitika n'chakuti ndinasiya makamera kuti azilandira maadiresi kuchokera ku rauta. Magetsi atathima n'kuyakanso tsiku lina, rauta inagawa maadiresi mwatsopano, kamera yakuseri n'kulandira ina, rekoda n'kumaifunafunabe pa yakale. Pa TV kagawo kake kanali kakuda masiku onsewo, koma ndani amakhala n'kumayang'ana khola la nkhuku pa TV? Kabelu kochenjeza kuti kamera yasowa ndinali nditakazimitsa ndekha sabata yoyamba chifukwa kankasokosa.

Kamera ya pageti inajambula munthu akudutsa kunja kwa mpanda atanyamula thumba. Pachithunzipo nthawi inalembedwa 09:40, koma kunja kuli mdima wa ndiweyani. Ndinazunguzika mpaka nditakumbukira kuti nthawi yolembedwa pachithunzi imachokera mu kamera, osati mu rekoda. Makamerawa anabwera ali pa nthawi ya ku China, imene ili patsogolo pa yathu ndi maola 6. Munthuyo anadutsa 03:40. Kamera ya pakhonde inali ndi vuto lina: ilibe kabatire kosunga nthawi, ndiye magetsi akathima imabwerera ku tsiku limene inapangidwira. Vidiyo yotereyi mutapita nayo kupolisi, funso loyamba lingakhale la tsiku ndi ola, ndipo inu n'kuyamba kufotokoza za China.

Mayi akunyumba anangoti, "Abambo, ndiye makamera anuwa ntchito yake n'chiyani, kukongoletsa khoma?" Ndinalibe poyankha.

Sabata imeneyo ndinapatsa kamera iliyonse adiresi yokhazikika, kunja kwa manambala amene rauta imagawira mafoni. Ndinaika nthawi pa GMT+02:00 ndi kuuza rekoda kuti izikonza nthawi ya makamera. Pa atatu a ONVIF zimatheka: magetsi akabwerera, pakapita kanthawi nthawi imalongosoka. Pa yachinayi sizitheka, chifukwa RTSP imangonyamula vidiyo basi, rekoda singailamule kanthu. Imeneyo ndinangoichotsa nthawi pachithunzi, ndimadalira wotchi ya rekoda. Kabelu kaja ndinakayatsanso.

Chimene sindinathe kukonza mpaka lero ndi kujambula pokhapokha chinthu chikasuntha. Makamera awiri okha ndi amene amauza rekoda kuti aona kanthu. Ina, ngakhale imati ndi ya ONVIF, uthengawo situmiza, ndipo ya RTSP nayo ndanena kale. Choncho onse amajambula usana ndi usiku. Kamera imodzi yotumiza vidiyo pa liwiro la 2 Mbps imadya pafupifupi 21.6GB patsiku, anayi ndi 86GB, ndipo hard disk ya 2TB, imene malo ake enieni ndi cha m'ma 1.8TB, imasunga masiku 21 isanayambe kufufuta zakale. Makamerawa amangodziwa H.264, njira yakale yopanikizira vidiyo kuti isadye malo ambiri. Akanakhala a H.265, njira yatsopano, masikuwo akanachulukirapo ndithu, koma masabata atatu kwa ife ndi okwanira. Vuto lenileni limabwera pofufuza: usiku wonse umayenera kuuthamangitsa ndi maso chifukwa palibe chizindikiro chosonyeza pomwe panachitika kanthu.

Ngakhale pa awiri amene amatumiza uthenga, ndinazimitsa zochenjeza za pafoni mu Disembala. Mvula yoyamba itagwa, ngumbi zinadzaza pagetsi la pageti, foni n'kumalira ngati ya mwini maliro. Kangaude nayenso anamanga ukonde wake kutsogolo kwa galasi, ndipo usiku timagetsi ta infrared, timene kamera imaonera mumdima, tikauwalira, chithunzi chonse chimayera mbee. Tsache lalitali la kudenga tsopano lili m'gulu la zipangizo za makamera.

Vuto limene linandidya mutu kwambiri linabwera mu Januwale. Kamera ya pageti inkagwira bwinobwino tsiku lonse, koma dzuwa likangolowa inkathima, n'kuyaka, n'kuthimanso, mpaka kucha. Ndinaganiza kuti yafa. Ndinaitsitsa, ndinailumikiza m'nyumba ndi waya waufupi, ndinaiphimba ndi nsalu kuti iziona ngati usiku, ndipo inagwira popanda chovuta. Apa ndi pomwe ndinazindikira kuti ndi magetsi. Adaputala yake inali m'nyumba, 12V n'kumayenda mamita pafupifupi 40 pakawaya kowonda. Masana kamera imadya pang'ono, zimakwanira. Usiku timagetsi ta infrared tikayaka imakoka ambiri, mphamvu n'kutsika, kamera n'kukomoka. Zaka zonsezi inkangopulumukira pang'onong'ono, koma madzi atalowa polumikizira n'kuchita dzimbiri lobiriwira, zinafika pothera. Nditasenda waya wa netiweki ndinapezanso kuti mkati mwake ndi aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa pamwamba. Mukapala ndi mpeni amaoneka woyera. Mawaya oterewa ndi ambiri m'mashopu, otchipa, ndipo pa PoE ndi osayenera.

Ndinagula switch ya PoE, waya wa Cat6 wa kopa weniweni, ndi tizipangizo totchedwa splitter timene timalandira magetsi a PoE n'kuwatsitsa kufika pa 12V pafupi ndi kamera. PoE wamba amapereka mpaka 15.4W pa bowo lililonse, pamtunda wosapitirira mamita 100, zomwe n'zokwana ndi kutsala kwa makamera ang'onoang'ono ngati awa. Polumikizira ponse ndinapatsekera m'timabokosi tapulasitiki, bowo lolowera waya loyang'ana pansi. M'kabokosi kamodzi nyerere zinasamukiramo mwezi usanathe, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Phindu lalikulu la kusinthaku sindinaliganizire poyamba. Popeza magetsi a makamera onse tsopano akuchokera pamalo amodzi, ndinangoika switch, rauta ndi rekoda pa inveta ndi batire imene timayatsira mababu. Kale magetsi akathima zonse zinkagona, pa nthawi yomwe mdima uli ponseponse ndipo akuba amaukonda. Chiyambire Febuluwale, sindinapezenso mpata wopanda vidiyo, kupatula usiku umodzi umene batire inatheratu. Ndalama za switch, mawaya ndi ma splitter zikaphatikizidwa, zinatsala pang'ono kufanana ndi za rekoda yeniyeniyo, ndipo amene akuganiza zopulumutsa makamera akale ayambe wawerengera zimenezi.

Za chitetezo cha makamerawo ndinene mwachidule. Onse anayi anali ndi dzina lolowera la admin, pasiwedi palibe. Mu Okutobala 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inagwira makamera ndi marekoda ochuluka osiyidwa ndi mapasiwedi a kufakitale, n'kuwagwiritsa ntchito kuukira kampani ya Dyn, imene inkalondolera anthu ku mawebusaiti ambiri, mpaka Twitter ndi Netflix zinavuta kutsegula m'madera ena a ku United States. Makamera opanda dzina salandira zokonza za pulogalamu yake, poti mungakazitenge kwa ndani? Ndinaika mapasiwedi, kenako mu rauta ndinawatsekera onse kuti asamatuluke pa intaneti. Ndikakhala kutali ndimaonera kudzera mu rekoda yokha, pa chithunzi chaching'ono cha sub stream kuti bandulo isathe msanga.

Zithunzi zake, masana n'zabwino. Munthu amene mumamudziwa mumamuzindikira ali pageti. Usiku nkhope imaoneka bwino akayandikira mamita atatu kapena anayi, kupitirira apo ndi chithunzithunzi chabe. Nambala ya galimoto usiku iwalani, imangonyezimira. Mizere imene inkayendayenda pachithunzi cha pakhonde babu likayaka inatha nditasintha kuchoka pa 60Hz kupita pa 50Hz, imene ndi ya magetsi athu kuno.

Makamera atatu ndiwasunga mpaka adzafe okha. Ya pageti ndikufuna kuichotsa ndiike ya kampani imodzi ndi rekoda, chifukwa pageti ndi pomwe ndikufuna nkhope yooneka usiku ndi chenjezo losiyanitsa munthu ndi ngumbi. Yakaleyo idzapita kukalowa m'malo mwa ya RTSP ija. Lamulungu lililonse tikabwera kutchalitchi ndimatsegula rekoda, n'kubweza kamera iliyonse kufika 2 koloko usiku wapitawo, kuona ngati vidiyo ilipo ndiponso ngati nthawi ikugwirizana ndi ya pafoni. Zimatenga mphindi zisanu. Khola lija tinaliika loko, ndipo munthu wa thumba uja mpaka pano sitikudziwa ngati ananyamula nkhuku zathu kapena makala ake.