Adatiuza zoona za pulopela ya agogo

Amene muli ndi zinthu zakale kunyumba, mdala uja amakonza mipando yakale kufupi ndi msika wa Kapata ndikumuyamikira kwambiri. Tinapita nayo pulopela yamtengo ya ndeke imene agogo ankasunga kuchipinda kuyambira nthawi Chipata ili Fort Jameson, ine maganizo anga anali oti aipale ndi sandipepa aipake vanishi tiikepo wotchi pakati, koma iwo anakana ndithu, akuti ukatero mtengo wake umatsika.

Anangopukuta fumbi ndi kansalu pafupi ndi maboo 6 a mabauti nkutionetsa dzina la Sensenich, kampani ya ku Pennsylvania, ndi nambala 72CK42. Akuti 72 ndi kutalika kwake mumainchi, 42 ndi mtunda umene imakankha ikazungulira kamodzi, ndipo zotere zinkamangidwa pa tindeke tating'ono ngati Piper Cub. Si thabwa limodzi ayi, ndi matabwa angapo omatidwa ndi guluu, mizere ikuoneka bwinobwino.

Chodandaula changa nchoti tinadikira maola awiri, ndipo mtengo weniweni sananene, anati titumize zithunzi kwa ogula zakale kaye. Pano tayigoneka chopingasa pouma monga anatiuzira.