Rauta yatsopano ndi nkhondo yanga yotsekera laputopu imodzi intaneti

Ndakhala nayo miyezi inayi tsopano rautayi, kabokosi kogawa intaneti m'nyumba, nde ndati ndilembeko zomwe ndaona, mwina wina akuvutika ngati mmene ndinkavutikira ine. Mnyamata wanga ali ndi zaka 15, tinamugulira laputopu ati ya sukulu, koma ife tikangoti tagona kwa iye nkumene kukucha, magemu mpaka 3 koloko, m'mawa kumudzutsa ngati ukugwedeza chitsa. Kuzimitsa rauta yonse sizikanatheka poti mayi ake amagwira ntchito usiku pa kompyuta yawo. Ine chomwe ndinkafuna nchimodzi basi, laputopu yake yokhayo ikhale yopanda intaneti ikangokwana 9 koloko usiku, enafe tizipitiriza. Karauta kakale kaja kanalibe poyambira, kusintha pasiwedi kokha nkomwe kankatha, nde ukasintha uyambe kulowetsanso pa foni iliyonse m'nyumba, mawa lake mwana waidziwa kale.

Yatsopanoyi ili ndi ma antena anayi, imaponya pa 2.4GHz ndi 5GHz, kumbuyo kuli mabowo anayi a kebulo. Kuiyika sikunanditengere ndi mphindi 15 zomwe, umangolemba 192.168.0.1 pa bulawuza kapena kugwiritsa apu yake ya pafoni. Netiweki ikufika mpaka kuchipinda chakumapeto. Apo ndilibe nayo mawu, ili bho.

Zotsekera zilipo ziwiri ndipo buku lake silinena kusiyana kwake, ndinachita kuzitulukira ndekha. Access Control imachithamangitsiratu chipangizocho pa netiweki, pomwe Parental Controls imangodula intaneti pa nthawi yomwe waika koma laputopu imakhalabe yolumikizidwa m'nyumba, moti atha kupulinta ntchito ya kusukulu bwinobwino. Yachiwiriyi ndi yomwe ndinaikonda. Vuto linali kuizindikira laputopuyo pa mndandanda, zinthu 11 zolumikizidwa, zinayi zangolembedwa Unknown, ine nkungodina chimodzi mwachidaliro chonse kenako ndikumva mayi ake akukuwa kuti intaneti yapita kkkkk ndinatsekera munthu wolakwika pakati pa ntchito. Njira yake ndi yoti upite pa laputopu yeniyeniyo, utsegule Command Prompt, pulogalamu ya mu Windows yolembamo malamulo, ulembe ipconfig /all nkuyang'ana pomwe alemba Physical Address. Imeneyo ndiye adiresi ya MAC, manambala osakaniza ndi zilembo 12 oikidwa awiriawiri. Rauta sidziwa dzina la mwana wanu, potsekera imangoyang'ana adiresi imeneyi.

Masiku asanu zinayenda ngati loto. 9 koloko ikangokwana thiii, ndinkamva mpando ukukokedwa mokwiya kuchipinda kwake, ine mumtima ndikuti eya.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndadzuka cha m'ma 1 kukamwa madzi, ndikuona kuwala kwabuluu pansi pa chitseko, tizala tikulira pa kiyibodi tatatata. Ndatsegula apu, ikundionetsa laputopu yake ndi kachizindikiro kofiira kuti yatsekedwa, mwaulemu wake wonse. Koma m'munsi mwa mndandanda muli mlendo, Unknown wina yemwe sindinamuonepo, akudya data ngati alibe mawa. Apa mpomwe rautayi inandikhumudwitsa, osati poti inalephera ayi, koma poti inakhala duu osandiuza kuti kwalowa chipangizo chatsopano pakati pa usiku, kauthenga kamodzi kokha pafoni kakanakwanira.

Chomwe anachita mnyamatayu nchophweka mochititsa manyazi. Mu Windows 10 ndi 11, pa zosintha za Wi-Fi, muli kabatani kolembedwa Random hardware addresses, ukakayatsa laputopu imadzipangira adiresi ya MAC yongopeka, nde kwa rauta amakhala munthu wina watsopano yemwe sali pa mndandanda wa otsekeredwa. Sikuti ndi zaukathyali, anakaikamo kuti anthu asamatsatidwe akamalowa pa Wi-Fi ya m'malo a anthu ambiri, ndipo mafoni amachita zimenezi okha, Android kuyambira pa 10 mu 2019, iPhone kuyambira pa iOS 14 mu 2020. Mukafuna kuigwira adiresi yopeka yang'anani chilembo chachiwiri, chikakhala 2, 6, A kapena E dziwani kuti imeneyo siinachokere ku fakitale. Ya mlendo wanga uja inayamba ndi 7A.

Ndinatsekera ya 7A ija, mawa lake kwabwera ina. Kenako anasiya za Wi-Fi nkutenga kebulo yomwe inali m'katoni ya rauta yomweyo, kuibaya kumbuyo, poti khadi ya kebulo ili ndi adiresi yakeyake yosiyana ndi ya Wi-Fi, ine zimenezo sindinkaziganizirako nkomwe ngakhale zinali pompo pa ipconfig paja ndikanangowerenga mpaka pansi.

Chomwe chinathetsa masewerawa ndi kutembenuza mndandanda. Access Control ili ndi mbali ziwiri, Blacklist yomwe imalola aliyense kupatula omwe wawalemba, ndi Whitelist yomwe imakaniza aliyense kupatula omwe wawalemba. Ndi mwana wochangamuka Blacklist nkutaya nthawi chabe, ukhala ukuthamangitsa mthunzi. Pa Whitelist ndinalembapo zipangizo zathu zonse, kuphatikiza ma adiresi awiri enieni a laputopu yake, kenako awiriwo nkuwaika pa nthawi ya Parental Controls. Akayatsa kabatani kaja tsopano amangodzitsekera yekha panja, ngakhale masana. Koma chonde yambani mwalemba foni kapena kompyuta yomwe mukugwiritsayo musanadine Save, ine sindinatero ndipo rauta inandithamangitsa ineyo mwiniwake osandichenjeza, mpaka kutenga kapini nkukanikiza kabowo ka Reset masekondi 10, zonse zomwe ndinaika fufutu kuyambiranso. Pasiwedi yolowera mu rautamo musinthenso, isafanane ndi ya Wi-Fi, apo ayi mwana angolowa nkudzichotsa yekha.

Kutopetsa kwa Whitelist nkwakuti mlendo akabwera kumupatsa pasiwedi sikukwanira. Ine ndimangoyatsa Guest Network, Wi-Fi yapadera ya alendo, akapita nkuzimitsa. Apu yake pa zimenezi ndi yaulesi, pena imazungulira theka la mphindi isanaonetse mndandanda, zambiri ndimakachitira pa bulawuza.

China choti muone ndi wotchi. Rautayi ilibe batire yosunga nthawi, imatenga nthawi pa intaneti, nde ngati Time Zone, nthawi ya dera lanu, simunaikonze izitseka nthawi yolakwika, ndipo magetsi akazima nkuyakanso imatenga kanthawi isanadziwe kuti ili nthawi yanji. Sabata yoyamba nditapanga Reset ija inkamudula mwana madzulo akulemba ntchito ya kusukulu, nthawi imeneyo wolakwa ndinali ine ndipo anandikumbutsa kokwanira.

Pa nyenyezi 5 ndikuipatsa 4, imodziyo ndachotsera kusachenjeza kuja ndi ulesi wa apu. Kwa miyezi itatu tsopano laputopu ija ikumagona 9 koloko. Kungoti dzulo usiku ndamumva akuwanyengerera mayi ake kuti amubwereke foni yawo atchere alamu ati yake ikuvuta, nde foni imeneyo ili ndi data yakeyake komanso hotspot yogawira intaneti ku laputopu, ndipo pamenepo rauta yanga ya ma antena anayi ilibe chonena. Ndawauza mayi ake kuti foniyo izigona kuchipinda kwathu.