Quartz 9000 5W-40: oyilo woyenera galimoto yothamanga ku Lilongwe, koma osati iliyonse

Kwa eni ake a Golf GTI ndi Subaru WRX, oyilo amene sakuvuta kupeza mumzinda muno ndi Quartz 9000 5W-40 wa TotalEnergies. Ndi wa synthetic, ndipo pa injini za petulo zokhala ndi turbo tikumuvomereza.

Chifukwa chake chili pa manambala. 5W ikunena za mmene oyilo amayendera injini ikadali yozizira. M'mawa wa June kapena July, kukazizira, oyilo wotere amafika msanga ku turbo ndi ku camshaft, pomwe 20W-50 amachedwa, zitsulo n'kumakhulana zouma masekondi oyambawo. 40 ikunena za kulimba kwake injini ikatentha. Mu October, galimoto itaima pamzere ku Old Town kenako n'kuithamangitsa pa M1, oyilo wopyapyala amasanduka ngati madzi. Uyu amagwirabe.

Koma musagule chifukwa cha dzina lokha. Tembenuzani chigubu muwerenge kumbuyo: pali miyezo yomwe oyiloyu amakwaniritsa, monga ACEA A3/B4, VW 502.00 ndi Porsche A40. Zimenezi muziyerekeze ndi zomwe zalembedwa m'buku la galimoto yanu. Toyota 86 inapangidwira 0W-20. BMW M3 ya E46 imafuna 10W-60. Galimoto ya dizilo yokhala ndi DPF, sefa yogwira mwaye wa mu utsi, imafuna oyilo wa phulusa lochepa, monga ACEA C3, apo ayi sefa ija imatsekeka. Pa zitatuzi, Quartz ameneyu musathire.

Kuchuluka kwake nakonso kumasokoneza ambiri. GTI ya Mk7 imalowa malita 5.7, ndiye chigubu cha malita 5 sichikwana, muwonjezere botolo la lita imodzi. WRX ya injini ya EJ imalowa malita 4 ndi pang'ono.

Posintha, injini iyambe yatenthako kuti oyilo wakale atuluke ndi zinyalala zake. Fyuluta ya oyilo ikhale yatsopano nthawi zonse, ndipo mphira yake muipake kaoyilo ndi chala musanamange. Kawashala ka pa bawuti ya sampu, yotulutsira oyilo pansi pa injini, nakonso kasinthidwe. N'kotchipa, koma n'komwe kamachititsa madontho akuda aja pansi pomwe galimoto yagona. Mukathira, lizani injini mphindi imodzi, zimitsani, dikirani mphindi zisanu, kenako muone pa dipstick, kachitsulo koyezera kuchuluka kwa oyilo, galimoto ili pamalo athyathyathya. Oyilo akapitirira chizindikiro chapamwamba, crankshaft imamupuntha mpaka kuchita thovu, ndipo thovu siliteteza ma bearing.

Mtengo wake ndi wokwera poyerekeza ndi oyilo wamba, ndipo n'chifukwa chake ena amamusunga makilomita 15,000. Kuno zimenezo ayi. Fumbi la m'misewu ya m'makwalala komanso maulendo afupiafupi, a kunyumba ndi kuntchito basi, zimamutopetsa msanga. Ife timalangiza makilomita 5,000 mpaka 7,000, ndipo sefa ya mpweya muziyang'ana nthawi yomweyo. Mukathamanga kwambiri, injini ilire kaye mphindi imodzi musanazimitse, kuopa kuti oyilo angapsere mkati mwa turbo.

Chomwe chimatidetsa nkhawa kwambiri ndi oyilo wachinyengo wothiridwa m'zigubu zakale. Gulani pa filling station kapena kwa ogulitsa odalirika, onani kuti chotsekera sichinatsegulidwepo, ndipo ku galaja muuze makaniko atsegule chigubucho inu muli pomwepo.