Gaidi wa mbalame ku Mfuwe, nyenyezi zinayi

Amene mufuna kuona mbalame za m'mbali mwa Luangwa, gaidi amene tinatenga ku Mfuwe ni wabwino maningi. Madzi akaphwa nthawi ya chilimwe ma skimmer (mbalame zogwira nsomba ndi mulomo pouluka pamwamba pa madzi) amaikira mazira pamchenga penipeni, chisa kulibe, kadzenje chabe. Gaidiyo anatikaniza kutsika pamchengapo, akuti make akauluka chifukwa cha ife mazira amapsa na dzuwa, kutentha kwa ku chigwa mu Okutobala mukudziwa kale, ndiye ang'azi nawo amapezerapo mpata. Tinaonera patali na ma binoculars, iye uku alemba mukabuku mbalame zingati zafungatira, asodzi angati adutsa pafupi. Chondinyansa chabe anabwera mochedwa, motoka ilibe denga, ndipo mtengo kwa ife a ku Chipata ni wokwera ndithu.